Mukaima Kutsogolo, Musangotikalipira

Achinyamata anzanga, ena mwa inu mulalikira Lamulungu la achinyamata likubwerali. Ndiye ndikuuzeniko chinthu chimodzi chimene ophunzira zaubusa a mpingo wa Lutheran amakhomereredwa, kaya ku Lutheran Bible Institute ku Lilongwe kaya ku seminale ya ku Lusaka: kusiyanitsa Lamulo ndi Uthenga Wabwino.

Lamulo lili ngati kalilole. Limakuonetsa kuti kumaso kwada, koma silingakusambitse.

Martin Luther adazionera yekha. Adalowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt mu 1505, ndipo kwa zaka ankasala kudya, n'kumaulula machimo maola ambirimbiri. Mtima osakhazikika. Mpumulo adaupeza pa Aroma 1:17, atazindikira kuti chilungamo chimene Mulungu amafuna kwa ife amachita kutipatsa yekha mwa Khristu, ife n'kungolandira mwa chikhulupiriro.

Kukalipa ndiye timakutha ife: mowa, zibwenzi, kubetcha pa foni, osasiyako chimodzi. Tchulani ndithu, ndi zoona. Koma pa benchi lakumbuyo pamakhala wina amene wabwera akudziwa kale kuti walakwa, usiku sadagone. Ameneyo asatuluke m'tchalitchi asanamve kuti Yesu adamufera ndipo wakhululukidwa. Mphindi zanu khumi zija musazithere zonse pa mowa, mumusungireko.