Za Iwo Oyesa Nchito ya Cipatala

Ife a ku Kasungu tidziwa kusankha fodya. Tisanamange belo tiyamba tapatula masamba oola ndi osweka. Ndipo ku Chinkhoma ogula ayang'ana m'kati mwace asanachule mtengo. Tsono ngati fodya ayesedwa cotere, kodi nchito yosunga moyo wa munthu isayesedwe?

Makolo athu analandira cipatala ngati mphatso, ndipo mphatso munthu saifunsa. Wodwala akafa anangoti, Yakwana nthawi yace. Koma lero alipo mabungwe oyesa nchitoyi. M'caka ca 1966 linakhazikika bungwe la anamwino ndi azamba, Nurses and Midwives Council, losunga maina a iwo oyenera nchito. Caka comweco zipatala za mipingo zinamanga bungwe lao, lochedwa tsopano CHAM. Lamulo la 1987 linabala Medical Council of Malawi. Ndilo lipatsa madokotala cilolezo, liyendera zipatala, ndipo likhoza kufafaniza dzina la wosasamala. Lamulo la 2019 linaika bungwe la PMRA liyang'anire mankhwala ndi owagulitsa.

Ndiponso mai akafa pobala, a cipatala akhala pansi nafunsana, Anacedwa kuti? Kumudzi, panjira, kapena pakhomo pathu? Satero kuti apeze womnyoza ai, koma kuti mai wina asafe imfa yomweyo.

Pamenepa pali mlandu wathunso. Kangati tasunga wodwala m'nyumba masiku atatu, kulindira mau a atsibweni ace? Kangati, m'nyengo yogulitsa fodya, tapereka ana athu kwa munthu wobaya jekeseni pamsika, wopanda kalata iri yonse? Mabungwe aja sakhoza kukhala m'mudzi uli wonse. Maso ao ndife.

Cifukwa cace, inu aphunzitsi, uzani anthu kuti kudandaula si mwano. Wobwezedwa osaonedwa, kapena woitanitsidwa ndalama zosayenera, apite kwa a komiti ya cipatala, kapena kwa mkulu womva madandaulo, wochedwa ombudsman, nanene zoona zokhazokha, osaonjeza. Ndipo namwino wocezera usiku wonse ndi mwana wathu timyamike poyera, pakuti kuyesa sikuona zoipa zokha.

Akulu anati, Safunsa anadya phula. Tifunse mwaulemu, koma tifunse ndithu. Kuti iwo adzasonkhana pano pa cikondwerero cina adzapeze manda a amai ndi makanda atacepa.