Malamulo a Moŵa mu Blantyre ndi Limbe: Ena Ngoteteza, Ena Adakalamba

Nkhani ya sabata ino ikunena za malamulo a kagulitsidwe ndi kagulidwe ka moŵa mu mzinda wa Blantyre, kuyambira pakati pa tauni, kudzera ku Limbe, mpaka ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Mbayani. Ngakhale zitsanzo zambiri zili za ku Kabula, womvera wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa adzaona kuti nkhaniyi ikumkhudzanso, pakuti lamulo lalikulu la moŵa ndi limodzi m'dziko lonse, ndipo khonsolo iliyonse imangowonjezapo malamulo ake ang'onoang'ono. Ena mwa malamuloŵa ngothandiza ndithu, koma ena nthaŵi yawo idatha. Muyeso wosiyanitsira ndi uwu: lamulo lanzeru limayang'ana choipa chimene moŵa ungachite, pamene lamulo lokalamba limayang'ana munthu amene wagwira chikho, kuti ndi wa mtundu wanji kapena ali ndi chuma chotani.

Mbiri ya mzindawu ikuonetsa bwino chimenechi. Blantyre adayamba ndi mishoni ya Church of Scotland m'chaka cha 1876. M'chaka cha 1890 maiko a ku Ulaya adagwirizana ku Brussels kuti achepetse malonda a moŵa waukali pakati pa anthu a mu Africa, ndipo adabwereza panganolo mu 1919. Potsatira maganizo ameneŵa, boma la atsamunda la Nyasaland lidaletsa munthu wakuda kugula moŵa wachizungu, ndipo chiletsocho chidakhala mpaka zaka zomalizira za ulamuliro wawo. Motero wantchito wa panjanji ku Limbe ankatha kutsitsa mabokosi a moŵa m'sitima, woperekera zakudya m'hotela ankatha kutsekula botolo ndi kutsanulira bwana, koma onse aŵiri sankaloledwa kugula botolo lomwelo ndi ndalama zawozawo.

Amalaŵi amene adapita kukagwira ntchito kumwera adakaona zofananazo. Ku Natal kudakhazikitsidwa lamulo mu 1908 lopatsa makhonsolo mphamvu yakuti iwo okha ndiwo azifulula ndi kugulitsa masese m'tauni, ndipo mzinda wa Durban udatchuka ndi njira imeneyi. Matauni a Salisbury ndi Bulawayo nawonso adamanga maholo a moŵa a khonsolo. Ku South Africa munthu wakuda adaloledwa kugula moŵa wachizungu m'chaka cha 1962. Kodi ziletso zonsezi zidathetsa ludzu? Iyayi. Zidangothamangitsira moŵa kuseri kwa nyumba, kumene kudabadwa mashabini ndi zakumwa zosakaniza zimene palibe ankadziŵa chimene chili m'kati mwake.

Dziko lino litalandira ufulu mu 1964, zinthu zidasintha. M'chaka cha 1968 fakitale ya Carlsberg idatsekulidwa ku Makata mu Blantyre, ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mu 2016 gawo lalikulu la fakitaleyo lidagulitsidwa kwa kampani ya Castel. Chibuku cha m'mapaketi chidafala m'mathaveni. Kenaka mu 1979 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la moŵa lotchedwa Liquor Act, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidalimbitsa mphamvu ya makhonsolo yopanga malamulo a m'dera lawo.

Tsono pakati pa malamulo ameneŵa alipo ofunika kuwayamikira. Loyamba ndi loletsa kugulitsa moŵa kwa mwana wosakwana zaka 18. Ubongo wa mwana umakhala usanakhwime, ndipo amene wayamba kumwa ali wamng'ono savuta kusanduka kapolo wa moŵa. Kholo limene limatuma mwana kukagula moŵa, ndi wamalonda amene amalandira ndalama m'dzanja la mwanayo, onse aŵiri akulakwira mwana mmodzi. Paja akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lachiŵiri ndi lofuna kuti malo omwera akhale ndi chiphaso cha khonsolo, chimene chimanenanso nthaŵi yotsekulira ndi yotsekera. Ku Ndirande kapena ku Mbayani, kumene nyumba zili zothithikana, khoma limodzi lokha ndilo limalekanitsa bala ndi chipinda cha mwana wasukulu kapena cha wodwala. Malire a nthaŵi amateteza tulo ta anthu amene sadamwe ndi dontho lomwe.

Lachitatu ndi chiletso cha moŵa wa m'masacheti. Timapaketi timeneti tinali ndi moŵa waukali, tinkagulidwa ndi ndalama yochepa kwambiri, ndipo tinkabisika m'thumba la yunifolomu. Zambia idaletsa timapaketi totere, totchedwa tujilijili, mu 2012, Malaŵi mu 2015, ndipo Tanzania mu 2017. Makampani ena adakadandaula kukhoti, ena adangosamutsira moŵa womwewo m'timabotolo tapulasitiki. Komabe cholinga cha lamuloli nchomveka, chifukwa silifunsa kuti wakumwa ndani. Limangoti moŵa waukali usakhale wotchipa ndi wobisika chotero kuti mwana aupeze ngati switi.

Koma alipo malamulo ena amene zaka zidawapitirira. Chitsanzo choyamba ndi chindapusa. Ndalama imene imalembedwa m'buku la malamulo imakhala chomwecho, pamene kwacha imatsika mphamvu. Boma lidayesa kukonza vutoli ndi lamulo lokweza zindapusa la 2005, koma kuchokera pamenepo kwacha yatsika kangapo, monga mu Meyi 2022 pamene idatsitsidwa ndi 25 pa 100, ndi mu Novembala 2023 pamene idatsitsidwa ndi 44 pa 100. Chindapusa chikachepa kuposa phindu la usiku umodzi, mwini bala amachiŵerengera ngati lendi, ndipo lamulo limasanduka galu wopanda mano.

Chitsanzo chachiŵiri chili pamsewu. Lamulo la pamsewu la 1997 lidaika malire a moŵa m'magazi a woyendetsa galimoto pa magalamu 0.08 m'mamililita 100. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti malirewo asapitirire 0.05, popeza munthu amayamba kuchedwa kuponda buleki asanaoneke ngati woledzera. Pa msewu wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe, kuchedwa kwa kamphindi kotereku nkokwanira kugunda mwana wodumpha msewu.

Chitsanzo chachitatu, chimene chili chachikulu koposa, ndi kachasu. Dzina lake lidachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça, ndipo amatchezedwa kuchokera ku madeya, shuga ndi madzi. Kutcheza ndi kugulitsa popanda chiphaso ndi mlandu, koma ziphaso zotchezera moŵa zidakonzedwa poganizira mafakitale, osati mayi wa mgolo umodzi. Chotsatira chake nchakuti amayi ambiri a m'makwalala a Blantyre, ena amasiye, amene amalipira fizi ndi lendi kuchokera mu mgolowo, amakhala kunja kwa lamulo moyo wawo wonse. Apolisi akabwera amakhuthula moŵa ndi kulanda ziŵiya, koma sabata isanathe utsi umafukanso. Choopsa nchakuti chinthu chobisika sichiyesedwa. Palibe woyang'anira zaumoyo amene amaona mgolo kuti udasungapo chiyani, ndipo munthu wadyera amene wathira mankhwala kapena methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, amabisala pakati pa otcheza oona mtima.

Mtengo wa kubisaku ndi miyoyo ya anthu. M'mwezi wa Epulo 2024 anthu angapo adamwalira mu Blantyre, ena adagonekedwa m'chipatala, atamwa moŵa wosavomerezeka umene anthu adaupatsa dzina lakuti ambuye ntengeni. Kutsidya kwa malire, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 adafa mu Januwale 2015 atamwa moŵa wamasese pamaliro; ofufuza adapeza kuti ufa umene adafululira udali ndi poizoni wochokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso. Masoka aŵiriŵa ngosiyana, koma phunziro lake ndi limodzi: moŵa umene munthu wosauka amamwa ufunika kuyang'aniridwa monga momwe bungwe la Malawi Bureau of Standards limayang'anira moŵa wa m'botolo.

Ena adzati kulembetsa otcheza kachasu ndiko kuvomereza uchidakwa. Atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu, pamodzi ndi amayi amene aona malipiro a mwezi akuthera ku shabini, ali ndi chifukwa chomveka choopera. Ndipo nzoona kuti kulembetsa pakokha sikuchiritsa. Kenya idaloleza chang'aa, amene ali ngati kachasu wa kuno, mu 2010 pansi pa malamulo okhwima, komabe mu 2014 anthu ambiri adafa ndi moŵa wothiridwa methanol, chifukwa oyang'anira adali ochepa. Koma chiletso nachonso chayesedwa kuyambira nthaŵi ya atsamunda, ndipo kachasu akadalipo. Wotcheza amene ali m'kaundula wa khonsolo angathe kuphunzitsidwa, kuyenderedwa, kuuzidwa nthaŵi yotsekera ndi kulandidwa chiphaso akagulitsa kwa mwana. Wobisala sangalandidwe chimene alibe.

Lamulo lokalamba silikhala mpaka muyaya. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu ku Blantyre lidathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene apolisi ankamangira anthu oyenda usiku, kuphatikizapo ochokera kumalo omwera. Ndimeyo idachokera ku lamulo la ku Mangalande la 1824, ndipo amene adaitsutsa adali wamalonda wamba amene adamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe. M'chaka chomwecho boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza moŵa. Koma ndondomeko ndi chikonzero chabe. Chimene chimaluma ndi lamulo lolembedwa bwino ndi anthu okwanira olitsata.

Choncho ntchito ili m'manja mwa aphungu, makhansala, mafumu a m'makwalala ndi eni mzinda. Malamulo oteteza mwana, wodwala ndi woyenda pansi ayenera kupatsidwa mano. Zindapusa ndi malire a pamsewu ziyenera kuunikidwanso. Ndipo moŵa wa m'makwalala uyenera kutulutsidwa poyera kuti uyesedwe, chifukwa amene amamwera pachikho ku Bangwe moyo wake ngwofanana ndi wa amene amamwera patambula pakati pa tauni.