Ng'ombe ikabayidwa jakisoni, mkaka udikire kaye



Kuno ku Thyolo malo aakulu ndi a tiyi. Ife tinatsala ndi timinda ting'onoting'ono, n'chifukwa chake ng'ombe imodzi ya m'khola imadyetsa banja lonse. Ndipo omweta nsenjere, okama mbandakucha, opalasa njinga ndi chigubu kupita ku bulking ya ku Bvumbwe, ndife achinyamata. Nkhaniyi ndi yathu.

Ng'ombe ikatupa bere, ambiri amathamangira kukagula oxytetracycline kapena Pen-Strep n'kubaya okha, mlingo wake wongoyerekeza. Koma mankhwalawo sathera m'thupi mwa ng'ombe. Ena amatuluka ndi mkaka kwa masiku angapo. Pa botolo pamalembedwa withdrawal period, kutanthauza masiku oti mkakawo usamwedwe kapena kugulitsidwa. Tiyankhe moona, ndi angati amawerenga?

Musanene kuti ku bulking akayeza. Lactometer imagwira mkaka wothira madzi, alcohol test imagwira mkaka woyamba kusasa. Zonsezi sizigwira mankhwala. Chigubu chanu chikalowa mu thanki, chasakanikirana ndi mkaka wa alimi onse. Kuwiritsa nako kumapha majeremusi, koma sikuchotsa mankhwala onse.

Amamwa ndani? Mwana wa kumpanda kwanu, mayi wothyola tiyi amene wagula kapu imodzi madzulo, agogo anu. Ena thupi lawo limadana ndi penicillin. Choopsa kwambiri n'chakuti majeremusi akamakumana ndi mankhwala pang'onopang'ono amazolowera, ndiye tsiku lodwala zenizeni jakisoni wa kuchipatala sagwiranso. M'chaka cha 2019 chokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha majeremusi osamva mankhwala.

Kutaya mkaka kumawawa, ndikudziwa. Ndalama ya gaga ndi ya fizi ili momwemo. Komatu masiku ochepa okha, ng'ombe ibwerera pa msika.

Ndiye ndikupempha zitatu. Ng'ombe ikadwala, itanani alangizi a ziweto musanagule kanthu. Ikabayidwa, lembani ndi makala pa khola tsiku lobayira ndi tsiku loyambiranso kugulitsa, kuti wokama aliyense aone. Chachitatu, makolo ena Chingerezi cha pa botolo chimawavuta. Ife tinapita kusukulu, tiwawerengere.