NCHITO ZA AKAZI NDI MALIPIRO AO

Mau amene analankhulidwa pa Msonkhano wa Pacaka wa Bungwe



Nkhani imene Komiti inasankha kuti ikambidwe lero ndi ya akazi pa nchito. Mamembala ena pakumva mutu umenewu aganiza kuti ndi nkhani yacilendo yocokera ku maiko a Azungu, ndipo ena aiyesa nkhani ya amai okha, yoyenera kukambidwa kumtondo kapena kucitsime. Koma bungwe lino linakhazikitsidwa kuti liyang'anire ubwino wa anthu onse a m'boma lino, ndipo kalembera wa caka ca 2018 anaonetsa kuti m'dziko la Malawi akazi aculuka kuposa amuna. Bungwe limene liiwala anthu oposa theka silingathe kunena kuti lagwira nchito yace. Tsono mfundo ya mau a lero ndi imodzi: akazi a dziko lino anayamba kale kugwira nchito, koma cimene cinacedwa ndico malipiro ao ndi ulemu woyenera nchitoyo.

Mkazi "wongokhala"

Mwamuna akafunsidwa ku ofesi kuti, "Kodi amai kunyumba agwira nchito?" kawiri kawiri ayankha kuti, "Iai, angokhala." Mamembala aganizire bwino tsiku limodzi la mai wongokhalayo. Adzuka kusanace, asesa, atunga madzi, ndipo apita kumunda khasu liri paphewa, mwana ali kumbuyo. Pobwera asenza nkhuni, afuna ndiwo, asinja kapena apita kucigayo, aphika, asambitsa ana, ndipo ngati pakhomo pali nkhalamba kapena wodwala, womsamala ndi iye yemwe. Usiku ndiye wotsiriza kugona. Mwamunayo atati alembe aganyu kuti amcitire zonsezi, malipiro ace a mwezi sangakwanire, ndipo pamenepo ndi pamene angabvomere kuti imeneyi ndi nchito.

Makolo sanaiyese cabe nchito imeneyi. Pakati pa Acewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe mudzi uli wa mbumba, ndipo mkamwini ndiye abwera kudzalima m'munda wa kucikazi. Akazi ndiwo anali kuumba mbiya ndi mitsuko, kuphika mcere ku Nyanja ya Chilwa ndi kucigwa ca Shire, ndi kufulula mowa umene unali kuitana anthu ku dima. Mipando yaulemu analinso nayo. M'mbiri ya Amaravi, Nyangu ndiye anali mai wa ufumu wa Kalonga, ndipo ku kacisi wa ku Msinja woyang'anira zopempha mvula anali Makewana. Anamkungwi ndi azamba anali ndi nchito zimene mfumu yomwe sinali kulowererapo. Kunena zoona, zonse sizinali bwino, pakuti pa bwalo la milandu wolankhulira mkazi anali nkhoswe yace kapena malume wace. Koma panalibe munthu wonena kuti mkazi angokhala.

M'mene ndalama zinalekanitsira mwamuna ndi mkazi

Zinthu zinatembenuka pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1891, ndipo boma linaika msonkho wa nyumba. Msonkho unafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kwa Mzungu: ku minda ya khofi, thonje, fodya ndi tiyi, ku nchito ya mtengatenga, ndipo pambuyo pace ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni kumene Wenela anali kutengera anthu. Wolembedwa m'buku la nchito anali mwamuna. Iye ndiye analandira tikiti, nambala ndi ndalama. Mkazi anatsala ndi munda wonse, ana onse ndi denga lodontha, ndipo ngati mwamunayo anasanduka mchona, anatsala nazo moyo wace wonse. Kuyambira nthawi imeneyo mau akuti "nchito" anayamba kutanthauza cokhaco cimene cilipidwa ndalama, kotero kuti wolima cimanga codyetsa mudzi wonse anayesedwa wosagwira nchito.

Sukulu nazo zinatsata njira yomweyo. Amishoni anaphunzitsa anyamata uphunzitsi, ukalaliki, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, koma atsikana anaphunzitsidwa makamaka kusoka, kucapa, kusita ndi kuphika. Ngakhale ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene John Chilembwe anayamba mishoni yace m'caka ca 1900, cimene Mai Ida Chilembwe ndi Emma DeLany akumbukiridwa naco ndico kuphunzitsa amai kusoka. Ku sukulu ya Jeanes ku Domasi, imene inatsegulidwa m'caka ca 1929, amuna anali kuphunzira za uphunzitsi pamene akazi ao anali kuphunzira zosamala pakhomo. Maphunziro amenewa anali abwino ndithu, koma sanali kufikitsa munthu ku ofesi. Sukulu zoyamba za sekondale, ya Blantyre m'caka ca 1940, ya Akatolika ku Zomba m'caka ca 1942, ndi ya boma ku Dedza m'caka ca 1951, zinayamba ndi anyamata. Tsono pamene maofesi anafuna makalaliki, okhala ndi setifiketi anali amuna okha okha, ndipo anthu anati, "Mwaona, akazi sangathe." Kutero kuli ngati kumana munthu khasu, ndi kumseka pambuyo pace kuti alibe nkhokwe.

Pano pali cinthu cimene bungwe lino liyenera kucikumbukira kopambana. Mabungwe onga lino anayamba ndi North Nyasa Native Association m'caka ca 1912, imene mlembi wace anali Levi Mumba, ndipo m'caka ca 1944 mabungwewo anagwirizana kukhala Nyasaland African Congress. Atsogoleri ace anali aphunzitsi, abusa ndi makalaliki, ndipo cimodzi ca madandaulo ao cinali cakuti Mwafrika wodziwa nchito anali kulandira zocepa ndi kukanizidwa mipando yapamwamba cifukwa ca khungu lace. Iwo anati kucita kotero ndi kusalungama, ndipo ananena zoona. Dandaulo limene akazi ali nalo lero ndi lomwelo. Mdzukulu wa kalaliki amene anakana kuyesedwa ndi khungu sayenera kuyesa mnzace wa pa nchito ndi cilengedwe cace.

Ng'ombe yaikazi

Pali mwambi umene amuna aukonda, wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Mwambiwu uyankhidwa bwino ndi maina a anthu odziwika.

Mai Rose Chibambo anasonkhanitsa amai a ku Zomba m'zaka za m'ma 1950 kuti alimbane ndi Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. M'caka ca 1959 anamangidwa atangobereka kumene, ndipo analowa m'ndende ndi khanda lace. Pa nthawi ya ufulu m'caka ca 1964 anali mkazi yekhayo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo m'caka ca 2012 nkhope yace inaikidwa pa ndalama ya K200. Mai Vera Chirwa anatsiriza maphunziro a zamalamulo ku London m'caka ca 1966, nakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino, ndipo anapirira m'ndende kuyambira 1981 kufikira 1993. Mai Anastasia Msosa anatsogolera bungwe loyendetsa cisankho ca 1994, cimene cinabwezera dziko ku ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo m'caka ca 2013 anakhala mkulu wa oweruza onse. Mai Joyce Banda analamulira dziko kuyambira 2012 kufikira 2014, ndipo Mai Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo m'caka ca 2019.

Makalaliki amene ali muno akondwera kumva za Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inagwira nchito ya ulembi ku koleji ina ku Zomba zaka 27 isanalowe ufumu. Mlembi ameneyu ndiye anadziwika kufikira maiko akunja cifukwa cothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana ku sukulu. Ngolo zimenezi zinali zolemera, ndipo zinakokedwa.

Zimene malamulo anena

Mamembala ambiri ali ndi anchito m'masitolo, m'zigayo, m'minda ndi m'nyumba zao, ndipo ena ndi akapitao kapena akulu a maofesi. Nkwabwino kuti adziwe malamulo, pakuti kusadziwa sikupulumutsa munthu pa bwalo.

M'caka ca 1965 dziko lino linabvomereza pangano la maiko la 1951 lonena kuti mwamuna ndi mkazi alandire mofanana pa nchito yolingana. Malamulo akulu a dziko a 1994, m'ndime 20 ndi 24, aletsa tsankho ndi kuteteza ufulu wa akazi. Lamulo la nchito la caka ca 2000, lochedwa Employment Act, libwereza za malipiro ofanana, lipatsa mkazi chuthi cakubereka ca milungu 8 ndi malipiro onse kamodzi pa zaka 3, ndipo linena kuti kucotsa mkazi nchito cifukwa ca pakati ndi mlandu. Pamene linakonzedwanso m'caka ca 2021, bambo nayenso anapatsidwa milungu 2 kuti athandize mkazi wace pa ucembere, ndipo mai anapatsidwa nthawi yoyamwitsa mwana pa nchito. Lamulo la 2013, lochedwa Gender Equality Act, linena kuti polemba anchito a boma, amuna kapena akazi asacepere 40 ndipo asapitirire 60 pa anthu 100 ali onse. Lamulo lomwelo liika cilango ca ndende zaka 5 kwa munthu wobvuta mnzace ndi zacisembwere.

Zimene zicitikabe

Lamulo lolembedwa pa pepala lifanana ndi mbeu iri m'nkhokwe; silibala kanthu kufikira wina alibzale. M'maofesi ambiri mtsikana wokhala ndi setifiketi yofanana ndi ya anzace ndiye atumidwa kuphika tiyi alendo akabwera, ndipo ikafika nthawi yokweza anthu pa nchito, akulu anena kuti, "Uyu akwatiwa posacedwa, adzatisiya." Ena pofunsa nchito auzidwa kuti ayambe aonana ndi bwana madzulo. Mtsikana akakana, nchito ipita kwa wina. Akabvomera, mudzi wonse umchula maina oipa, koma bwanayo palibe womchula. Za mcitidwe umenewu zinamveka kufikira ku mabwalo a ku London, kumene akazi a m'minda ya tiyi ya kumwera kwa dziko lino anakasuma, ndipo m'caka ca 2021 kampani ina inabvomera kulipira akazi 36. Ncomvetsa cisoni kuti amai a ku Thyolo ndi ku Mulanje anafunafuna cilungamo kutsidya kwa nyanja, pamene m'midzi mwao muli mafumu, mipingo ndi mabungwe.

Koma mamembala asayang'ane kutali kokha, pakuti mabvuto ena ali m'nyumba zao zomwe. Mtsikana wanchito za pakhomo adzuka woyamba ndi kugona wotsiriza, alibe tsiku lopuma, ndipo malipiro ace nthawi zina ndi nsima ndi zobvala zakutha. Pali amuna amene alanda malipiro onse a akazi ao tsiku lolandira, ndi ena amene aletsa mkazi wophunzira kugwira nchito cifukwa ca nsanje. Ndalama za fizi zikacepa, woyamba kusiyitsidwa sukulu ndi mwana wamkazi, ndipo ngakhale apitirire, iye ndiye atunga madzi ndi kulera ang'ono ace pamene mlongo wace ali kuwerenga. Cisalungamo ca ku ofesi ciyambira pamenepo. Tsiku lina bamboyo adzamwalira kapena nchito idzamthera, ndipo banja limene linadalira thumba limodzi lidzaona kuti mutu umodzi susenza denga.

Zopempha kwa bungwe

Popeza mau opanda nchito sapindula, msonkhano upemphedwa kuganizira zinthu zisanu izi.

Coyamba, thumba la bungwe lothandiza ana a sukulu ligawidwe mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana, ndipo mtsikana amene anasiya sukulu cifukwa ca pakati athandizidwe kubwerera, monga boma linaloleza kuyambira caka ca 1993.

Caciwiri, pa cisankho ca Komiti amai asapatsidwe mpando wa zophika wokha. Amai amene asunga bwino ndalama za banki m'khonde m'midzi angathe kusunganso cuma ca bungwe, kulemba mabuku ace, ndi kukhala pa mpando.

Cacitatu, membala ali yense wokhala ndi anchito, ngakhale mmodzi wa pakhomo, awalipire mosacepera malipiro amene boma linaika, awapatse tsiku lopuma, ndipo asasiyanitse mwamuna ndi mkazi pa nchito imodzi.

Cacinai, bungwe lisankhe amai awiri acikulire ndi bambo mmodzi amene mkazi wobvutidwa pa nchito angawauze zace mwacinsinsi, ndipo iwo amperekeze ku ofesi ya zanchito ya pa boma, ku polisi, kapena ku bwalo la milandu ya nchito.

Cacisanu, mafumu ndi ankhoswe akumbukire kuti kuyambira caka ca 2017 malamulo akulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo asalandire nkhuku ya ukwati wotere.

A Wapampando, palibe cimodzi ca zimenezi cimene cifuna cilolezo cocokera ku Lilongwe kapena ndalama zocokera kunja. Zonse ziri m'manja mwa anthu amene akhala m'cipinda cino. Caka camawa Mlembi adzaimirira pano kuwerenga lipoti, ndipo amai amene akhala kumbuyoko adzamvetsera kuti amve ngati maina a ana ao akazi alembedwamo.