Nyumba ya lendi ikachita chinyezi, akonze ndani?



Ambiri mwa inu muli ndi ana kapena abale amene amakhala m'nyumba za lendi ku Tete, ku Ulongué ndi m'matauni ena. Zina mwa nyumbazi ndi za boma. Pa 3 February 1976 boma linatenga nyumba zonse zobwereketsa, ndipo pambuyo pake linazipereka m'manja mwa bungwe la APIE. Kuyambira mu 1991 lamulo linalola okhalamo kugula nyumbazo. Amene anagula, kukonza nyumba ndi udindo wawo. Lero tikambe za iwo amene akulipirabe lendi, kaya kuboma, kukhonsolo kapena kwa munthu wamba.

Inu alimi mukudziwa kuti chimanga chikanyowa m'nkhokwe chimachita chuku. Khoma nalonso limatero. Denga likamadontha, paipi ikaphulika, kapena madzi akamakwera kuchokera pansi, khoma limada ndi kununkha. Mpweya wa m'chipinda chotere umayambitsa chifuwa ndi kukulitsa mphumu, makamaka kwa makanda ndi okalamba. Kupaka laimu pamwamba sikuthetsa vutoli ngati madzi akulowabe.

Buku la malamulo lotchedwa Código Civil linagawa udindo motere.

Ndime 1031 imalamula mwini nyumba kuonetsetsa kuti wobwereka akutha kuigwiritsa ntchito imene anaibwerekera. Nyumba yodontha siyoyenera kugonamo munthu, choncho denga, makoma ndi mapaipi zili kwa mwini wake.

Ndime 1038 imalamula wobwereka kudziwitsa mwini nyumba msanga akaona chowonongeka. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amadandaula pakamwa kwa kalaliki, chaka n'kutha, ndipo tsiku la mlandu palibe umboni. Lembani kalata ziwiri zofanana, ikani tsiku, ndipo wolandirayo asaine ndi kudinda imene mutsale nayo. Jambulaninso khomalo pafoni.

Ndime 1036 ikunena za zinthu zosadikira. Ngati mwini nyumba akuchedwa pamene denga likufunika kukonzedwa mwachangu, wobwereka angathe kukonza yekha, kenako n'kuitanitsa ndalama zake. Sungani malisiti onse a malata, misomali ndi mmisiri. Koma musasiye kulipira lendi mwa inu nokha musanafunse uphungu, chifukwa ngongole ya lendi ingakutulutsitseni m'nyumba.

Ndime 1043 ndi yofunika kuisunga pamtima. Ngati polowa simunalemberane za mmene nyumba inalili, lamulo limaitenga kuti inali yabwinobwino. Potuluka mungalipitsidwe chinyezi chimene munachipeza. Choncho tsiku lolandira makiyi yenderani chipinda chilichonse pamodzi ndi mwini wake, mulembe ming'alu ndi mabanga onse, nonse musaine.

Wobwereka alinso ndi mbali yake: kutsegula mawindo, kuyanika zovala panja, kusadza ngalande kuti madzi asadikhe m'mbali mwa khoma, ndi kukonza chimene waswa yekha.

Nyumba za boma zimakhalanso ndi mfundo zake m'pangano la lendi, choncho liwerengeni bwino musanasaine. Mwini nyumba akapanda kuyankha kalata yanu, pitani ku ofesi ya IPAJ, imene imathandiza mwaulere anthu osowa ndalama zolipirira loya. Mutenge panganolo, kalata yodindidwa, zithunzi ndi malisiti.

Uthengawu mukaufikitse kwa ana anu mvula isanayambe.