Mpikisano wa Akavalo wa ku Durban

 Madzulo ano ndifuna kukamba za nyama imene ambiri a ife sitinaikwerepo. Kavalo ngwosowa m'dziko lathu, pakuti kashembe ndi nthenda zina zimamupha msanga, cotero kuno ku Lusaka timangomuona kwa apolisi kapena ku bwalo la cionetsero. Koma kumwera, m'mzinda wa Durban umene uli m'mphepete mwa nyanja yamcere, kuli mpikisano wa akavalo umene wakhala ukucitika caka ndi caka kuyambira 1897. Anthu amangoucha "July", cifukwa tsiku lake ndi Loweruka loyamba la mwezi umenewo, pa bwalo la Greyville.

Caka coyambaco anapambana kavalo wochedwa Campanajo, ndipo anapambananso mu 1898. Masiku amenewo anali kuthamanga mailo imodzi. Pambuyo pake mtundawo anautalikitsa, ndipo kuyambira 1970 amathamanga mamita 2,200. Liwiro lonselo limatha m'mphindi ziwiri ndi pang'ono, munthu asanatsirize kapu ya tiyi.

Kapena mufunsa kuti, nanga kavalo wa liwiro loposa anzace sangomapambana zaka zonse? Eni mpikisano anaganizira zimenezo. Kavalo amene wapambana kawirikawiri amamsenzetsa zolemera, ndipo amene sanachuke amampeputsira. Wokwera amamuyesa pa sikelo pamodzi ndi cishalo cace, ndipo ngati apepuka amaonjeza zidutswa za mtovu m'nsalu ya pansi pa cishaloco. Motero onse amayamba ali ndi mwai, ndipo ndico cifukwa cace anthu amaika ndalama zambiri pobecha.

Ndalama zimenezo ndizo zinadzetsa tsoka kwa kavalo wochuka dzina lace Sea Cottage. Mu 1966 anthu ocuruka anabecha kuti iye ndiye adzapambana, ndipo olandira ndalamazo anaona kuti akapambanadi iwo adzalipira zambiri. Mwezi wa June, kutatsala milungu itatu, m'mawa wina akavalo ali kupita ku mcenga wa kunyanja kukazolowera liwiro, munthu wina wobisala anamuombera ndi mfuti. Cipolopolo cinalowa m'mnofu wa mwendo wakumbuyo, ndipo sanacicotse. Mphunzitsi wace, Syd Laird, anamsamala kufikira tsikulo, ndipo Sea Cottage anathamanga ndi cipolopolo m'thupi nakhala wacinai. Woomberayo anagwidwa naikidwa m'ndende. Caka cotsatira, 1967, Sea Cottage anabwereranso atasenza mapaundi 27 kuposa kavalo wina wochedwa Jollify. Awiriwo anafika pa mzere nthawi imodzi, mphuno ndi mphuno, kotero kuti oweruza analephera kuwasiyanitsa nati onse apambana. Ine ndiyesa wopambana weniweni anali wa cipolopolo uja.

Za kubecha ndanena dala. Masiku ano nyumba zobechera zacuruka m'makomboni athu, ndipo malipiro a mwezi wathunthu amathera m'menemo ana asanadye. Inu amene mutuluka thukuta pansi pa mgodi, dziwani kuti amene alandira ndalama zanu sanatsegule nyumbayo kuti ataye zace.

Tsono pali nkhani ina imene ikhudza ife anthu akuda. Kavalo sadzisamala yekha. Pafunika munthu wodzuka m'mbandakuca kukamdyetsa, kumpesa, kusesa khola ndi kumyendetsa akatha kuthamanga, ndipo nchito imeneyi ku South Africa yakhala m'manja mwa anthu akuda. Koma maina olembedwa m'manyuzipepala anali a eni akavalo, aphunzitsi ndi okwera, ndipo pa masiku a tsankho malo amenewo anali a Azungu. Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, komabe panapita zaka zina 19 munthu wakuda asanapambane July.

Amene anatsegula njira ndi S'manga Khumalo, wa ku KwaMashu, komboni yaikuru ya ku Durban komweko. Anakula wosadziwa akavalo, monga ana athu a kuno ku Kabwata. Anamtengera ku sukulu ya okwera akavalo ya ku Summerveld cifukwa ca kucepa kwa thupi lace, pakuti nchito iyi ifuna munthu wopepuka. Mu 2013, ali ndi zaka 27, anakwera kavalo wochedwa Heavy Metal napambana, patapita zaka 116 ciyambire mpikisanowo. Pofuna kutsimikiza kuti sunali mwai cabe, mu 2022 anapambananso pa bwalo lomwelo atakwera kavalo wamkazi, Sparkling Water.