Nthano za Makedzana ndi Munthu wa ku Migodi

M'midzi yozungulira Chipata, mzinda umene kale unali kudziwika ndi dzina la Fort Jameson, nyengo ya nthano ndiyo ya masika, pamene cimanga calowa m'nkhokwe ndipo makasu apacikidwa. Madzulo anthu atadya nsima, ana asonkhana pamoto pa agogo ao, ndipo gogo akati, "Panali panali," onse abvomera pamodzi, "Tiri tonse." Akulu aletsa kusimba nthano dzuwa liri pamutu, pakuti usana ndi wa nchito. Mwambo umenewu uli kwa Acewa a Gawa Undi, kwa Angoni a Mpezeni ndi kwa Ansenga omwe. Amuna ambiri amene anacoka m'midzi imeneyi kunka ku Kabwe, ku Nkana, ku Luanshya, ku Mufulira ndi ku Nchanga anapita nazo nthanozo m'mitima mwao, ngakhale m'mtolo munali bulangete limodzi lokha.

Alipo anthu oyesa kuti nthano ndi masewera a ana, ndi kuti munthu wobvala nsapato ndi kulandira malipiro pa mwezi wazipitirira. Koma nthano ziri ndi zaka zambiri kuposa mizinda yonse ya m'dziko muno, ndipo mitundu yakutali inazisunga monga cuma.

Ku dziko la Agriki kunali munthu dzina lace Aesop, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 500 Kristu asanabadwe. Herodotus, wolemba mbiri wa mtundu womwewo, anena kuti munthuyo anali kapolo pa cisumbu ca Samos, ndi kuti anaphedwa ndi anthu a ku Delphi. Nthano zace zinayenda pakamwa zaka zambiri, kufikira ena anazilemba. Mmodzi wa iwo ndiye Phaedrus, amene anaziika m'Cilatini ku Roma, ndipo iyenso anayamba wakhala kapolo. Iye anafotokoza kuti nthano inabadwa cifukwa kapolo sanali kukhoza kunena poyera zimene zinali kumtima kwace, tsono anazibisa m'kamwa mwa nyama. William Caxton anasindikiza nthanozi m'Cingelezi m'caka ca 1484, ndipo La Fontaine anayamba kuzitulutsa m'Cifalansa m'caka ca 1668.

Ku India nakonso kuli buku lakale la nthano, dzina lace Panchatantra, limene anena kuti mphunzitsi wina analikonza kuti alangize nalo ana atatu a mfumu amene anali ouma mitu. Aluya analimasulira m'cinenero cao zaka za m'ma 700, nalipatsa dzina la Kalila wa Dimna. M'menemo muli nkhani ya mkango umene unali kudya nyama imodzi tsiku liri lonse, kufikira tsiku la kalulu linakwana. Kalulu anafika mocedwa, nanena kuti mkango wina unamtsekereza panjira. Mkango unapsa mtima, nuti, "Kandionetse." Kalulu anautengera ku citsime cakuya, ndipo mkangowo, pakuona nkhope yace m'madzi, unalumphira momwemo, numira. Mwana wa ku Katete kapena wa ku Chadiza akamva nkhani imeneyi sadabwa konse, pakuti Kalulu ameneyu amdziwa kale.

Phunziro loyamba licokera kwao komwe. Caka cina kunagwa cilala, ndipo nyama zonse zinapangana kukumba citsime. Kalulu yekha anakana, nati iye amamwa mame. Madzi atatuluka, nyamazo zinaika mlonda. Usiku Kalulu anadza ndi uci m'cikho, nalawitsa mlondayo pang'ono, namuuza kuti wofuna kudya wambiri ayenera kuyamba wamangidwa miyendo. Mlonda anabvomera, ndipo Kalulu atammanga anamwa, natunga, nasamba m'citsimemo. Zinatero ndi alonda amphamvu onse mmodzi mmodzi, kufikira Fulu, amene anzace anali kumnyoza, anabisala m'madzi namgwira mwendo. M'midzi ina asimba kuti cimene cinamgwira ndi cifanizo copakidwa ulimbo, ndipo nkhani yotere inaoloka nyanja pamodzi ndi akapolo kunka ku America, kumene Joel Chandler Harris anaisindikiza m'caka ca 1880.

Ambiri pakumva nthanoyi atsutsa Kalulu, ndipo acita bwino, pakuti pa komboni iri yonse alipo munthu amene sasonkha ca maliro, koma maliro akagwa kwace ndiye woyamba kutuma mthenga. Komatu akulu aloza cinthu cinanso. Kalulu sanagonjetse mlonda ali yense ndi mphamvu. Alondawo anatambasula okha miyendo yao cifukwa ca uci. Kapitao wolandira nkhuku kuti alembe munthu nchito, kalaliki wolandira kandalama kuti asinthe dzina pa pepala, msungi wa thumba la cilimba wobwereka m'thumbamo mwakacetecete, onsewa amangidwa kale, ndipo citsime ca anthu onse cibvundulidwa iwo ali kuyang'ana. Amene anapulumutsa citsime ndi uja wocepa ndi woyenda pang'onopang'ono, cifukwa sanasirire uci.

Phunziro laciwiri ndi la Aesop, la nyerere ndi nyenje. Nyenje inatha nyengo ya dzuwa iri kuimba pamtengo, pamene nyerere zinali kututa cakudya. Njala itafika, nyenje inapita kukapempha, ndipo nyerere zinaiuza kuti popeza inaimba pa nthawi ya nchito, tsopano ibvine. Munthu wa ku migodi safunika kummasulira nthanoyi, pakuti mbiri ya mkuwa yaimasulira kale. Mu 1931 ndi 1932 mtengo wa mkuwa unagwa pa dziko lonse, migodi ya Bwana Mkubwa, Nchanga ndi Mufulira inatsekedwa, ndipo amuna zikwi zambiri anabwezedwa kumidzi. Mu 1975 mtengo unagwanso, ndipo dziko la Zambia linasauka nao zaka zambiri. Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, mabanja ambiri anataya malipiro, ndipo mzinda wa Luanshya unazunzika koposa. Tsiku la malipiro ndilo masika a munthu wa m'tauni. Wina atumiza ndalama kumudzi kuti agule ng'ombe kapena malata, nalipira sukulu ya ana. Mnzace athera zonse ku mowa pa masiku atatu, ndipo pakati pa mwezi ali kale pakhomo pa wokongoza kaloba, amene adzamlanda ndalama zoposa zimene anakongola.

Koma nkhalamba ya ku Chipata ikamva nthano imeneyi ipukusa mutu pa mau otsiriza a nyerere. Kwa Acewa ndi Angoni munthu wanjala sapitikitsidwa ndi mwano. Pa caka ca njala munthu amanka kukasuma kwa mnzace wokolola, nagwira nchito m'munda mwace, nabwerako ndi dengu la cimanga, ulemu wace uli wosaonongeka. Motero nthanoyi iri ndi mbali ziwiri. Icenjeza waulesi kuti dzuwa silikhalitsa, ndipo mwambo wa makolo uonjezapo kuti mwini nkhokwe akumbukire kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Phunziro lacitatu ndi la mbewa ziwiri. Mbewa ya m'tauni inakaceza kwa mbale wace wa kumunda, ninyoza cakudya cace ca maungu ndi mizu. Inamuitana kuti akaone madyerero a m'nyumba ya wolemera. Anapezadi nyama, mafuta ndi zotsekemera, koma asanakhute citseko cinatseguka, agalu anauwa, ndipo onse awiri anathawa mtima uli m'mwamba. Wa kumunda anatsazika, nabwerera ku una wace. Nthanoyi siuza munthu kuti asiye nchito, pakuti msonkho ndi umphawi ndizo zinatulutsa amuna m'midzi, ndipo ndalama za ku migodi zaphunzitsa ana ambiri a Kum'mawa. Cimene inena ndi cakuti cakudya ciri conse ciri ndi mtengo wace, ndipo wanzeru awerenga mtengowo. Pansi pa mgodi pali fumbi lolowa m'mapapo ndi miyala yogwa, ndipo kale nyumba ya kampani inali kutha pamodzi ndi tikiti. Anthu amene makolo anawacha machona, osalemba kalata ndi osaponda kwao zaka makumi awiri, anapeza pa ukalamba kuti munda unapatsidwa kwa wina ndipo adzukulu sawadziwa. Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Phunziro lacinai ndi lowawa. Mmbulu unapeza mwana wa nkhosa ali kumwa pamtsinje, nuti, "Wandibvundulira madzi." Mwana wa nkhosa anati iye ali kumunsi, madzi acokera kwa mmbuluyo. Mmbulu unati, "Unanditukwana caka catha." Iye anati caka catha anali asanabadwe. Pamenepo mmbulu unati ngakhale ayankhe bwino cotani, udzamudya ndithu. Pano woipa salangidwa, pakuti nthano siinama. Iphunzitsa kuti wofooka akaima yekha pamaso pa wamphamvu, kulungama kwa mlandu wace sikumpulumutsa. Mankhwala ace ali m'nthano ina ya Aesop yemweyo, ya tate amene ana ace anali kukangana masiku onse. Anawapatsa mtolo wa ndodo kuti authyole, nalephera onse. Ataumasula, ndodo zinathyoka imodzi imodzi popanda bvuto.

Anthu a ku migodi anaphunzira zimenezi ndi mwazi. Mu 1935 anakana nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. Mu 1940 anakananso, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17. Masiku amenewo analibe bungwe lowalankhulira. Mu 1949 anamanga African Mineworkers' Union, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, momwe Abemba, Anyanja, Alozi ndi mitundu ina anakhala mtolo umodzi. Mu 1952 anakana nchito masabata atatu mwabata, ndipo pambuyo pace malipiro anakwezedwa. Makolo ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Latsala funso limene ana a m'tauni amafunsa: kodi Kalulu ndi wabwino kapena woipa? Nthano zimuonetsa pawiri. Pamene anamiza mkango m'citsime, nzeru zace zinapulumutsa nyama zonse, ndipo ayenera kutamandidwa. Pamene anamanga alonda, nzeru zomwezo zinabera anzace amene anakhetsa thukuta, ndipo anagwidwa mwamanyazi. Nzeru ndi imodzi, koma cosiyanitsa ndi uyo amene ipweteka. Mnyamata wogulitsa mankhwala onama pa msika, kapena wonyenga mlendo wongotsika basi ya ku Chipata, adziyesa Kalulu, naiwala kuti Fulu ali m'madzi. Ucenjezi wolimbana ndi wopondereza ndi cishango, koma wodyera wamasiye ndi mlendo ndi umbala basi.

Nthano sizinafe pamene anthu anasamukira m'mizinda. Wailesi ya ku Lusaka inazinyamula, makamaka kuyambira 1949 pamene kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special kanafika m'nyumba za anthu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Julius Chongo anali kusimba nkhani zace m'Cinyanja pa pologalamu ya Poceza M'madzulo, ndipo mabanja anali kuzungulira wailesi monga anali kuzungulira moto kumudzi. Komabe wailesi siidziwa dzina la mwana, ndipo siiona ngati wamva kapena wagona. Gogo amadziwa mwana amene anaba nsinjiro dzulo, nasankha nthano yomuyenera popanda kumchula dzina, ndipo mwanayo aweramitsa mutu, wadzudzulidwa wosamenyedwa.

Pa komboni agogo ali kutali, tsono udindo umenewu wagwera atate ndi amai. Tate wocoka ku nchito ali wotopa akhoza kupatula kanthawi kocepa pambuyo pa nsima, nakhazika ana ace pansi, nawasimbira za citsime, za nyenje kapena za mtolo wa ndodo m'cinenero ca kwao. Sadzalipira kanthu, ndipo mwana amene wayankha "Tiri tonse" ali wamng'ono adzakumbukira uci wa Kalulu tsiku limene munthu wina adzamuonetsa cikho pa nchito yace.